Calgary Flames: kodi Huberdeau, Kadri ndi Weegar analowadi m'malo mwa Gaudreau ndi Tkachuk?

aPhiri_Airdrie analemba:

Moni abale ndi alongo a kuno ku Alberta, ndi nonse amene mumatsatira hockey ya pa ayezi. Pali nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira mu June chaka chino cha 2025, pomwe Florida Panthers inatenganso Stanley Cup kachiwiri motsatizana ndipo ndinaona Matthew Tkachuk, yemwe kale anali wathu ku Calgary, atanyamula chikho m'mwamba. Loweruka lapitali tinatsutsana ndi alamu anga pa nkhaniyi mpaka nsima inazizira patebulo, ndiye ndati ndiibweretse kuno, mwina ena mundithandiza kuganiza.

Ine ndinafika ku Calgary mu 2016 ndisakudziwa kalikonse za masewerawa. Timu ya Calgary Flames ndinayamba kuikonda chifukwa cha dzina. Munthu amene wakula akuchemerera Flames ya kumudzi, akamva kuti mumzinda momwe wafikira mulinso Flames, mtima suchedwa kusankha. Koma amene anandichititsa kuti ndizikhala pampando maola atatu maso ali pa TV ndi Johnny Gaudreau. Kamunthu kochepa thupi pakati pa zimphona, koma puck (kampira kaphwathalala komwe amasewerera) ikafika pa ndodo yake kuilanda kwake kunali kovuta. Mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi zaka 12 ndipo amasewera mu timu ya ana kuno ku Airdrie, jezi yake yoyamba inali ya nambala 13.

Mukukumbukira sizoni ya 2021-22. Kutsogolo kunali Gaudreau kumanzere, Elias Lindholm pakati, Tkachuk kumanja, ndipo onse atatu anafika pa zigoli 40: Gaudreau 40, Lindholm 42, Tkachuk 42. Kwa amene simutsatira kwambiri, wosewera amapatsidwa pointi imodzi akagoletsa, ndi imodzinso akapatsira mnzake n'kugoletsa. Gaudreau anatha ndi mapointi 115, Tkachuk 104. Timu inatsogola mu Pacific Division. Usiku womwe Gaudreau anagoletsa mu nthawi yoonjezera pa masewero achisanu ndi chiwiri ndi Dallas mu playoffs (mpikisano wochotsana wa chikho, momwe matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri), ine ndi mwana wanga tinafuula mpaka mayi ake anatsika kudzaona ngati wina wavulala. Edmonton inatichotsa mu ndime yotsatira, koma tinkati chaka chamawa tibweranso ndi anthu omwewa.

Sizinatero. Pa 13 July 2022 Gaudreau anasaina ku Columbus. Pasanathe masiku khumi Tkachuk, atauza akuluakulu kuti sadzasaina kontrakiti yaitali ku Calgary, anasinthanitsidwa ku Florida. M'malo mwake tinalandira Jonathan Huberdeau, MacKenzie Weegar, mnyamata wina dzina lake Cole Schwindt ndi mwayi wosankha wosewera mu ndime yoyamba ya draft, pomwe matimu amasankha osewera achichepere chaka chilichonse. Mu August kunabweranso Nazem Kadri, atangotenga kumene chikho ndi Colorado.

Nthawi imeneyo ndinatenga pepala n'kuwerengera ndili pa nthawi yopuma kuntchito. Opita: 115 kuphatikiza 104, ndi 219. Obwera: Huberdeau 115, Kadri 87, Weegar 44 koma ali wotchinga kumbuyo, zonse 246. Ndinauza anzanga a ku warehouse kuti tapindula. Chaka chotsatira Huberdeau anapeza 55, Kadri 56. Awiriwo pamodzi 111, pomwe Tkachuk yekha ku Florida anapeza 109.

Alamu anga akuti Brad Treliving, yemwe anali mkulu woyendetsa timu, anachita zomwe munthu wanzeru aliyense akanachita, kungoti tsoka linagwa. Ine ndikuti ayi, panali kulakwitsa kuwerengera, ndipo inenso ndinalakwitsa chimodzimodzi pa pepala langa lija. Tinawerenga mapointi ngati matumba a chimanga, oti ukachotsa munkhokwe ina n'kuika mu ina amakhalabe omwewo. Umboni wanga ndi Lindholm. Iye sanapite kulikonse, sanavulale, koma zigoli zake zinatsika kuchoka pa 42 kufika pa 22. Ndiye kuti chomwe chinachoka si anthu awiri okha, chinachoka ndi kumvana kwa anthu atatu, ndipo zimenezo sizigulidwa pamsika.

Funso langa ndi ili: patatha zaka zitatu, mukawaika pa sikelo mmodzimmodzi, alipo mwa obwerawa amene mukuona kuti anakwanadi m'malo mwa amene anachoka? Ndikufunsanso chifukwa mwana wakula, jezi ija yamuthina, ndipo akufuna ndimugulire ina sizoni ya 2025-26 isanayambe mu October. Wandifunsa kuti tilembe dzina la ndani kumsana, ine ndasowa chomuyankha.

NaMbewe_NE analemba:

aPhiri, zikomo poyambitsa nkhaniyi. Ine ndiima mbali ya alamu anu, ngakhale osati pa zonse.

Inu mukuyerekeza Huberdeau ndi Gaudreau ngati kuti Treliving anali ndi onse awiri patebulo n'kusankha mmodzi. Gaudreau kontrakiti yake inali itatha, anali ndi ufulu wopita komwe akufuna, ndipo anasankha kuyandikira kwawo ku New Jersey. Timu sinapezepo ngakhale kandodo kamodzi. Tkachuk naye anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti akhale mfulu ngati mnzakeyo. Akanamukakamiza kukhala, bwenzi mu 2023 atachokanso ulele. Ndiye sikelo yoyenera si Tkachuk mbali ino Huberdeau mbali iyo. Ndi Huberdeau ndi Weegar mbali ino, mbali inayo kulibe kanthu. Matimu onse ankadziwa kuti Calgary yapanikizika, koma munthuyo anatulukamo ndi wosewera wa mapointi 115 amene anali atangoswa mbiri ya ma assist (kupatsira mnzake n'kugoletsa) kwa osewera a kumanzere, 85 pa sizoni imodzi. Tsiku limenelo ndinali pa shifiti ya usiku, ndipo ndikukumbukira anzanga azungu akuonetsana mafoni m'khonde, osakhulupirira kuti Florida yapereka zochuluka choncho.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa kontrakiti. Huberdeau anapatsidwa zaka 8, madola 84 miliyoni, asanasewereko ngakhale mphindi imodzi atavala jezi yofiira. Apo panali mantha. Anthu awiri anali atangotikana mu mwezi umodzi, mzinda wonse unali wokhumudwa, ndiye akuluakulu ankafuna kuonetsa kuti alipo katswiri amene wavomera kukhala ku Calgary. Akanadikira mpaka January kuti aone kaye kaseweredwe kake, sindikhulupirira kuti akanamupatsa ndalama zimenezo.

Koma bwanji simukutchula Weegar mokwanira? Anthu ankamuona ngati ndiwo zapambali pa msinthowo, koma ndiye wakhala nsima yeniyeni. Chaka choyamba anavutika, anagoletsa zinayi zokha. Chaka chachiwiri anagoletsa 20, n'kutchinganso ndi thupi lake ma shot 200, ndipo kuyambira pomwe ligi inayamba kuwerenga ma shot otchingidwa, panalibe wotchinga kumbuyo wina amene anachitapo ziwirizi pamodzi mu sizoni imodzi. Puck imeneyo ndi mphira wolimba wouma ndi kuzizira, ikakumenya pa akakolo umaimva sabata yonse. Munthu woigonera ka 200 ndiye kuti timu ili pamtima pake. Amalandira 6.25 miliyoni pachaka, yomwe pa wosewera wotere ndi mtengo wabwino. Ine mwanayo ndikanamulembera 52.

Mphwanu_wa_Edmonton analemba:

Achimwene aPhiri, ine ndi wa Edmonton Oilers, mukudziwa kale, koma ndilankhula mosakondera chifukwa Tkachuk watipweteka ifenso kuposa inu. Wationetsa chikho kawiri chili pamphuno, 2024 pa masewero asanu ndi awiri, 2025 pa asanu ndi limodzi.

Ali ku Calgary tinkadana naye koopsa. Amene munalipo mu January 2020 mukukumbukira za ndewu ya iye ndi Zack Kassian wathu. Koma kudana nako kunali chifukwa choti ankatisokoneza mitu, ndipo ichi ndi chomwe pepala lanu la mapointi silikanaonetsa. Amaima pakhomo pa golo pomwe ndodo zimagwa ngati mvula, amaputa otchinga kumbuyo mpaka wina alakwitse n'kukakhala pa benchi ya chilango mphindi ziwiri, ndiye pomwepo timu yake n'kugoletsa. Huberdeau si munthu wotero, ndi wopatsira waluso amene amafuna malo ndi anzake othamanga. Kadri ndiye ali nako kaukali kofananako, koma anabwera ali ndi zaka 31, pomwe Tkachuk ankachoka ali ndi 24. Zaka zisanu ndi ziwiri pa hockey ndi moyo wonse wa wosewera. Munapereka munthu amene zaka zake zabwino zinali kutsogolo, n'kulandira anthu amene chaka chawo chabwino koposa chinali chitangodutsa kumene. Kadri asanafike pa 87 paja anali asanadutsepo 61.

Ndipo taonani ichi. Mu 2022-23 Calgary inatha ndi mapointi 93 pa ligi n'kulephera kulowa mu playoffs. Florida inatha ndi 92 n'kulowa, chifukwa kuchigawo chakummawa mzere unali wotsikirapo. Pointi imodzi kuchepera inu! Atalowa anakumana ndi Boston yomwe inali itapambana masewero 65, mbiri ya ligi yonse, anatsalira 3-1, n'kubwerera kuwachotsa. Tkachuk anagoletsa mu nthawi yoonjezera pa masewero achisanu. Ndi Carolina anagoletsa mu nthawi yoonjezera yachinayi anthu atatopa ngati agwe, kenako pa masewero omaliza anagoletsanso kutatsala masekondi osakwana asanu. Mu fainali ndi Vegas anathyoka fupa la pachifuwa koma anaseweranso masewero otsatira. Ameneyo palibe amene analowa m'malo mwake ku Calgary, ndipo sindikuona kuti zikanatheka.

Musaiwalenso Sam Bennett. Nayenso anali wanu, munamupereka ku Florida komweko mu 2021, ndipo mu 2025 ndiye watenga Conn Smythe ngati wosewera wabwino koposa mu playoffs.

Wakumudzi_Area25 analemba:

Pepani akuluakulu, ine ndili ku Lilongwe, hockey ndimangoionera tizidutswa pa YouTube chifukwa mchemwali wanga ali ku Red Deer ndipo ananditumizira chipewa cha Flames. Chomwe sindikumvetsa ndi ichi: ngati Huberdeau sakuchita bwino, bwanji osangomugulitsa ku timu ina ngati momwe zimakhalira ku mpira wamiyendo, n'kugula wina ndi ndalamazo?

aBanda_Forest_Lawn analemba:

Mphwanga wa ku Area 25, funso lako ndi labwino ndipo ndi pomwe pagona vuto lonse. Ku NHL, ligi yomwe Flames imasewera, wosewera sagulitsidwa ndi ndalama. Matimu amasinthana osewera, kapena wosewera ndi mwayi wa draft, ndipo amene walandira munthu amalandiranso kontrakiti yake momwe ilili. Komanso pali malire a ndalama zomwe timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pa sizoni, amati salary cap. Mu 2023-24, pomwe kontrakiti ya Huberdeau inayamba kugwira ntchito, malirewo anali madola 83.5 miliyoni. Iye yekha 10.5 miliyoni, ndiye kuti pa magawo asanu ndi atatu gawo limodzi ndi lake, otsalawo agawane anthu oposa 20. Ndi timu iti ingavomere katundu wotere mpaka 2031? Kuonjezera apo mu kontrakitimo muli ndime yoti sangasamutsidwe iye asanavomere.

Malire omwewa ndi amene anachititsa kuti Kadri adule kuposa momwe anthu amaonera. Kuti apeze malo a 7 miliyoni yake, anachotsa Sean Monahan kupita ku Montreal, n'kuwapatsanso a Montreal mwayi wa ndime yoyamba ya draft kuti avomere kumutenga. Mwayi umenewo unalipidwa mu June 2025, nambala 16. Ndiye aPhiri, pa pepala lanu lija mbali ya opita muonjezerepo Monahan ndi mnyamata wa nambala 16 amene sitidzamuona atavala zofiira.

Tsono ndinene za Huberdeau, chifukwa ndaona anthu ambiri akumunyoza ngati kuti anaiwala kusewera ali m'ndege. Ine ndakhala mumzinda muno kuyambira 2003, ndinaliko pa 17th Avenue, msewu womwe ochemerera ankasonkhanapo, mu 2004 pomwe timu inafika mu fainali ndi Tampa Bay, ndipo mphunzitsi nthawi imeneyo anali Darryl Sutter, yemwenso anali mphunzitsi pomwe Huberdeau ankafika. Ndimamudziwa kaphunzitsidwe kake. Amafuna puck iponyedwe mkati, anthu akailimbirane kukhoma, ndipo aliyense aombere pagolo akangopeza mpata. Ku Florida Huberdeau ankasewera mu timu yothamanga yomwe inagoletsa zigoli zambiri kuposa ina iliyonse chaka chimenecho. Akalanda puck anzake anali atathamangira kale kutsogolo, iye n'kungoponya pomwe akudziwa kuti munthu afika. Ku Calgary ankaponya malo omwewo koma kulibe munthu, puck n'kupita kwa adani, ochemerera n'kuyamba kung'ung'udza. Mpaka anamuika kumanja kwa kanthawi, munthu amene moyo wake wonse wasewera kumanzere. Kutsika kwa mapointi 60 pa chaka chimodzi kunali kusanachitikepo mu ligiyi kwa wosewera amene anasewera pafupifupi masewero onse zaka zonse ziwiri, ndipo sindikhulupirira kuti kungachitike chifukwa cha munthu mmodzi yekha.

Komabe Sutter anachotsedwa mu May 2023, kunabwera Ryan Huska, ndipo Huberdeau anapeza 52, kuchepera poyamba. Apa ndiye ndinasiya kumuikira kumbuyo kwambiri. Sizoni ya 2024-25 wasintha kaseweredwe, akulowa pakhomo pa golo, akubwerera kudzathandiza kumbuyo, wagoletsa 28 ndi mapointi 62. Ndi wosewera wabwino tsopano. Akanakhala kuti amalandira 6 miliyoni bwenzi tonse tikumuyamikira.

Chinanso chomwe sitiyenera kuiwala pa chaka choyamba chija ndi goloboyi. Mu 2021-22 Jacob Markstrom ankagwira ma shot 922 pa 1000 aliwonse, ndipo masewero 9 anatuluka osagoletsedwa. Chaka chotsatira anatsika kufika pa 892. Timu inagonja ka 17 mu nthawi yoonjezera kapena pa mapenate, n'kuphonya playoffs ndi mapointi awiri okha. Markstrom akanangogwira ziwiri zitatu mwa zimenezo, bwenzi timu italowa, mwina Treliving ndi Sutter osachoka, ndipo bwenzi tikukamba nkhani ina lero.

Za Gaudreau ndilankhula pang'ono, chifukwa zimandivuta. Ku Columbus anapeza 74 kenako 60, kusonyeza kuti nayenso anawasowa anzake awiri aja monga momwe Lindholm anamusowera iye. Apa mfundo yanu aPhiri ndi yoona mbali zonse. Koma kuyambira pa 29 August 2024, pomwe iye ndi mng'ono wake Matthew anamwalira atagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga ku New Jersey, mawa lake kuli ukwati wa mlongo wawo, ine sindithanso kumuika pa sikelo ndi munthu wina. Ndinapita ku Saddledome, bwalo la Flames, sabata imeneyo. Masitepe onse anali odzaza maluwa, ndodo za hockey, majezi a nambala 13, mabotolo a Gatorade ndi timapaketi ta Skittles. Anthu amene anamukwiyira mu 2022 chifukwa chochoka ndi omwewo ankalira pamenepo. Anapita kufupi ndi makolo ake, ndipo zaka ziwiri zomalizazo anakhala nawo pafupi. Ife amene makolo athu ali kutsidya kwa nyanja tikudziwa kulemera kwa chisankho chotero.

aPhiri_Airdrie analemba:

Zikomo nonse. aBanda, mwandikumbutsa za Monahan, ndinamusiyadi pa pepala lija. Ndipo iye anasaina ku Columbus mu July 2024 kuti akasewerenso ndi mnzake wapamtima Gaudreau, osadziwa kuti sadzalowa naye pa ayezi ngakhale kamodzi. Ifenso tinapita ku Saddledome, mwana anasiyako ndodo yake yakale.

Mayi NaMbewe, ndavomera kuti Treliving sanasankhe kuti anthuwo achoke. Koma panali njira yachitatu yomwe simunaitchule. Akanatha kusinthanitsa Tkachuk ndi anyamata achichepere komanso mwayi wa draft, n'kuvomera kuti timu ivutika zaka ziwiri zitatu. M'malo mwake anafuna kupitiriza ngati kuti palibe chachitika, ndipo kumanganso komwe ankakuthawako kunabwerabe. Craig Conroy atalowa m'malo mwa Treliving anachotsa Toffoli, Zadorov, Lindholm, Tanev, Hanifin ndi Markstrom m'chaka chimodzi chokha. Tinangochedwa, ndipo tachedwa titasenza makontrakiti awiri a anthu amene adzakhale ndi zaka pafupifupi 38 akamadzatha. Apa alamu anga sanandiyankhe, ndipo ndidzawafunsanso.

Pa Kadri ndasintha maganizo pang'ono nditawerenga zomwe mwalemba n'kuganizanso. Ndinkamuyerekeza ndi Tkachuk chifukwa cha ukali, koma kunena zoona iye analowa m'malo mwa Monahan, pakati, ndipo pamenepo wakwana. Chaka chachiwiri mapointi 75, mu 2024-25 zigoli 35, zambiri kuposa chaka china chilichonse pa moyo wake, ali ndi zaka 34. Sanaphonye masewero ngakhale amodzi m'zaka zitatuzi. Ndinkaonanso momwe ankatetezera anyamata ngati Connor Zary ndi Martin Pospisil akamasewera nawo mzere umodzi. Sizoni ya 2024-25 tinafika pa mapointi 96, kufanana ndi St. Louis, n'kutsala kunja chifukwa iwo anapambana masewero ambiri mu nthawi yake. Popanda Kadri ndi goloboyi wachinyamata uja Dustin Wolf sitikanafika n'komwe pafupi.

Ndiye kwa ine zili chonchi: Kadri wakwana pa malo a Monahan, Weegar ndi phindu lomwe sitinaliyembekezere, Huberdeau sanafike pa Gaudreau wa 2022, ndipo malo a Tkachuk akadali opanda munthu. Mphwanga wa ku Edmonton wanena zoona pamenepo, ngakhale zikuwawa kuzimva kuchokera kumpoto.

Za jezi, ndamuwerengera mwana zomwe mwalemba. Iye amasewera kumbuyo mu timu yake, ndiye atamva za ma shot 200 aja anafunsa ngati zili zoona kuti munthu amachita kuigonera dala puck. Ndinamuonetsa pa foni. Wasankha 52. Ya nambala 13 wakana kuti ipite kwa mng'ono wake, akuti tiipachike kuchipinda kwake. aBanda, ngati mukudziwa sitolo yomwe amasokerera dzina ndi nambala pa jezi za ana pa mtengo wabwino, mundiuze, chifukwa ya ku Saddledome ndinafunsa kale ndipo yandikulira.